Mayi woyenda pa chikuku anasiya ntchito, tsopano wafunsira wosamva: ndikonze chiyani?

Bambo wina amene ali ndi sitolo yogulitsa katundu mopikulitsa ku Lilongwe watilembera kalata. Mwachidule akuti: "Chaka chatha ndinalemba mayi woyenda pa chikuku kuti aziwerengera ndalama. Ntchito ankaidziwa bwino, koma sanathe chaka, anasiya osanena chifukwa. Tsopano mnyamata wosamva wafunsira ntchito yolemba katundu wolowa ndi wotuluka. Ndikuopa kuti zibwerezanso. Nditani?"

Bambo, choyamba aimbireni foni mayi aja, muwafunse mwaulemu chimene chinawachotsa. Anthu aulumali ambiri sasiya chifukwa ntchito yawakanika. Amasiya chifukwa cha zovuta za tsiku ndi tsiku zimene bwana saziona, ndipo iwo amaopa kuzinena kuti angaoneke ovuta. Chimodzi mwa izo ndi chimbudzi. Munthu amene chikuku chake sichilowa pakhomo la chimbudzi amasiya kumwa madzi m'mawa kuti apirire mpaka poweruka. Izi zimadwalitsa chikhodzodzo, ndipo palibe amene angazipirire mpaka kalekale.

Tengani tepi muyese nokha. Khomo likhale la masentimita 90 mulifupi, chitseko cha chimbudzi chizitsegukira kunja, ndipo mkati mukhale malo a masentimita 150 mbali zonse kuti chikuku chitembenuke. Pakhoma muike zitsulo zogwirira zomangidwa ndi mabawuti olimba, osati paipi ya madzi. Njira yotsetsereka yolowera pakhomo ndi imene amisiri ambiri amalakwitsa: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 mulitali. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna njira ya mamita 1.8, ndipo masitepe atatu amafuna mamita 5.4. Mmisiri akafupikitsa pofuna kupulumutsa simenti, munthu sangakwere yekha, ndipo potsika chikuku chimathamanga. Pamwamba pasakhale poterera, makamaka nthawi ya dzinja. Onaninso desiki: ngati pansi pake palibe mpata wa masentimita pafupifupi 70, mawondo salowa ndipo munthu amagwira ntchito atapendekera tsiku lonse.

Kumbali ya malamulo nkhani ndi yachidule. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino ndi gawo 5 la lamulo la zantchito la 2000 amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kaya polemba ntchito, pa malipiro kapena pochotsa. Lamulo la anthu aulumali la 2024 linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa bungwe lakale la MACOHA, ndipo kumeneko mungapeze uphungu. Choncho kumukana mnyamatayu chifukwa samva basi ndi mlandu umene ungakufikitseni kukhoti la zantchito.

Tsopano za mnyamatayu. Musanamuitane, mulembereni uthenga pafoni womufunsa mmene amafunira kulankhulana. Osamva si ofanana. Wina anabadwa wosamva ndipo chinenero chake ndi chamanja, wina anasiya kumva atakula ndipo amalankhula bwinobwino, wina amamva pang'ono ndi kachipangizo ka m'khutu. Ngati akufuna womasulira, funsani bungwe la anthu osamva la MANAD, ndipo womasulirayo mumulipire ndinu. Musalole kuti m'bale wake amasulire, chifukwa achibale amakonda kuyankha m'malo mwa mwini wake. Pofunsa mafunso muyang'ane mnyamatayo, osati womasulira.

Musamuweruze ndi kalembedwe ka kalata yake. Kwa munthu amene anakula ndi chinenero chamanja, Chichewa ndi Chingerezi cholemba ndi zinenero zachiwiri, ndipo ziganizo zake zingaoneke zopindika ngakhale mutu wake uli wakuthwa. Mupatseni ntchito yeniyeniyo: makatoni a sopo ndi mabelo a shuga awerenge, ayerekeze ndi pepala lobwera ndi katundu, alembe m'buku, apeze pamene mwasokoneza dala. Mayeso omwewo muwapatsenso ena onse ofunsira, ndipo mutenge amene wapambana. Kulemba munthu chifukwa cha chisoni kumamupweteka yekha, pakuti anzake amadziwa ndipo samulemekeza.

Akayamba ntchito, chitetezo chikhale patsogolo. Malo osungira katundu ali ndi malole obwerera chammbuyo ndi ngolo zolemera, ndipo chenjezo lake lonse ndi hutala ndi kukuwa. Jambulani mzere wa penti wosonyeza poyenda anthu. Ikani galasi pa ngodya zobisika. Lamulani kuti lole isabwerere popanda munthu woiongolera amene akuona onse ali kumbuyo. Belu la moto liphatikizidwe ndi nyali yothwanima, ndipo musankhe anthu awiri oti azimudziwitsa pakagwa ngozi, kuti mmodzi akajomba wina alipo.

Chimene chimachotsa osamva ambiri pantchito ndi kutsalira pa nkhani. Mumsonkhano wam'mawa mwasintha mitengo, aliyense wamva, iye yekha ayi. Masana walemba mtengo wakale, ndipo akukalipiridwa. Zikachitika kangapo amayamba kutchedwa wosasamala. Mankhwala ake ndi otchipa: chilichonse chogwirizana chilembedwe pa bolodi kapena pa gulu la WhatsApp msonkhano ukangotha, m'ziganizo zazifupi. Musadalire kuti awerenga milomo, chifukwa mawu ambiri amaoneka ofanana pakamwa, ndipo munthu akayang'ana kumbali kapena akamatafuna, zonse zatayika. Kugwedeza mutu sikutanthauza kuti wamvetsa. Mupempheni akusonyezeni chimene achite.

Kapitawo wake ndiye mwini nkhani kuposa inu. Mukhale naye pansi mnyamatayo asanafike. Pemphani mnyamatayo aziphunzitsa anzake zizindikiro zochepa sabata iliyonse: manambala, mayina a katundu, "dikira", "ngozi", "zikomo". Pomuitana amukhudze paphewa kapena akweze dzanja pamene akuona, osati kumugenda ndi kanthu. Mayina onyoza ndi kumuyerekeza mwachipongwe muziletse poyera tsiku loyamba, ndipo wolakwira alangidwe monga pa mlandu wina uliwonse.

Malipiro akhale ofanana ndi a wina aliyense pa udindowo. Musamudule ndalama za womasulira kapena za nyali ija. Pa zinthu zikuluzikulu, monga kusaina mgwirizano wa ntchito, maphunziro, kuunika kagwiridwe ka ntchito ndi mlandu wa chilango, womasulira akhalepo ndithu. Chilango choperekedwa kwa munthu amene sanamve mlandu wake sichingaime pamaso pa khoti.

M'miyezi itatu yoyamba muzikumana naye nokha kamodzi pa masabata awiri, kapitawo palibe. Musafunse kuti "zonse zili bwino?" chifukwa yankho lidzakhala "inde". Funsani kuti ndi uthenga uti umene unamupeza mochedwa sabata ino, ndi malo ati amene akuona kuti ndi oopsa, komanso amadya ndi ndani masana. Lembani zimene mwagwirizana, dzina la wokonza ndi tsiku lomalizira, ndipo mukakumananso muyambire pa pepala lomwelo.