Kukasaka caribou ndi banja pa Dalton Highway

Bambo, mwafunsa ngati n'zotheka kunyamuka ku Fairbanks ndi mayi ndi ana awiri kukasaka caribou (nyama ya mtundu wa mphalapala za kumayiko ozizira) kumpoto kwa Alaska, ku America, kumapeto kwa Ogasiti. N'zotheka ndithu, koma muyambe mwasankha chida, uta kapena mfuti.

Mukangooloka mtsinje wa Yukon, saloleza kusaka ndi mfuti pa mtunda wa mamailosi 5 mbali zonse ziwiri za msewu wa Dalton Highway. Pamenepo ndi uta basi, ndipo pamafunika satifiketi ya maphunziro osaka ndi uta. Wamfuti amayenda wapansi mpaka kupyola malirewo, poti njinga zamoto za matayala anayi n'zoletsedwanso. Papepala mamailosi 5 ndi ochepa, koma malo ake ndi dambo lodzaza timitumbira ta udzu togwedera: mukaponda pamwamba akakolo amapindika, mukaponda pakati phazi limamira m'madzi ozizira. Mukapha, lamulo likuti nyama yonse yodyedwa ituluke m'tchire, nyanga zibwere ndi katundu womaliza. Maulendo awiri opita ndi kubwerera akwana kale mamailosi 20. Ngati ana ndi aang'ono, sankhani uta, mumange hema ku nyanja ya Galbraith Lake, pa mailo 275 a msewuwo.

Msewuwo ndi wa mamailosi 414, ndipo mbali yaikulu ndi yamiyala. Mafuta amapezeka pa Yukon River, pa Coldfoot ndi ku Deadhorse kokha. Pakati pa malo awiri omalizawa pali mamailosi pafupifupi 240 opanda pampu. Tengani matayala awiri a sipeya omanga kale pa marimu, chigubu cha mafuta ndi wailesi ya CB yolankhulirana ndi madalaivala ena pa tchanelo 19. Mukakumana ndi thiraki, chepetsani liwiro n'kupatukira kumanja, apo ayi mwala ukuswerani galasi. Makampani ambiri obwereketsa magalimoto amaletsa msewuwu, choncho funsani musanalipire.

Chimaononga ambiri ndi kasungidwe ka nyama. Ikani m'matumba a nsalu, osati apulasitiki, chifukwa pulasitiki imasunga kutentha nyama n'kusasa. Kupyola mpata wa m'mapiri wa Atigun Pass kulibe mitengo yopachikapo, ndiye nyamulani milimo ingapo yopangira thandala ndi lona wochitira mthunzi. Thandalalo likhale kutali ndi hema, kumene mphepo ikulowera. Zimbalangondo zimamva fungo patali.

Aliyense wamkulu wosaka akhale ndi laisensi ndi harvest ticket (chikalata cholembapo nyama imene wapha), ndipo amene si nzika ya Alaska agulenso locking tag (chizindikiro chomangirira pa nyama yophedwayo). Chiwerengero chololedwa kupha mu Unit 26B, lomwe ndi dera losakira la kupyola Atigun Pass, chimasinthasintha, ndiye werengani kabuku ka malamulo a chaka chino ka Alaska Department of Fish and Game musanagule kalikonse.