Za mashingozi a amayi anu

Achemwali, mwati amayi anu ku Chinamwali atuluka matuza mbali imodzi ya nthiti, pakuwotcha usiku wonse, ndipo aneba akuti mashingozi akangozungulira thupi munthu amafa. Mwafunsanso ngati khanda lanu lingatengere.

Choyamba, pitani nawo lero lomwe, kaya ku chipatala cha Matawale kaya ku Zomba Central. Mankhwala ake ndi acyclovir, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Akuluakulu nthawi zambiri amamwa kasanu pa tsiku kwa masiku 7. Kasanu si masewera, ambiri amadumphitsa, ndiye muziwakumbutsa.

Matendawa amachokera ku katsabola. Amayi anadwala katsabola kalekale n'kuchira, koma kachilombo kake kanatsala, kanabisala m'mitsempha ya kumsana. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi mpaka pakhungu. N'chifukwa chake ululu ndi kuyabwa zimayamba masiku angapo matuza asanaoneke, ndipo matuzawo amakhala mbali imodzi, nthawi zambiri osadutsa pakati pa chifuwa kapena msana. Zoti akakumana munthu amafa n'zongoopsezana.

Tsono pali ija anthu amanong'onezana, yoti mashingozi ndiye kuti munthu ali ndi kachilombo ka HIV. Ayi, si onse. Ukalamba pawokha umatsitsa chitetezo, makamaka zaka zikadutsa 50, komanso shuga, khansa ndi mankhwala ena. Koma n'zoonanso kuti HIV imachititsa, makamaka kwa achinyamata, ndipo adokotala akanena zoyezetsa magazi musakwiye, akuchita ntchito yawo. Chimene chimandipweteka n'choti manyazi amenewa amachititsa anthu kubisa matuza pansi pa chitenje sabata yathunthu, akupaka phulusa ndi mankhwala otsukira mano, mpaka pamalopo pachita mafinya ndipo nthawi yabwino ya mankhwala yadutsa.

Za khanda: mashingozi enieniwo munthu sapatsira mnzake. Koma madzi a m'matuza ali ndi kachilombo ka katsabola kaja, ndipo amene sanadwalepo katsabola akawakhudza angadwale katsabola. Choncho agogo asamunyamule kaye mdzukulu mpaka matuza onse atauma n'kuchita nkhanambo, zomwe zimatenga masiku 7 mpaka 10. Amayi oyembekezera ndi anthu a chitetezo chofooka atalikirenso. Agogowo aziphimba pamalopo ndi nsalu yoyera yosathina, asamakande kapena kuphulitsa, azisamba m'manja ndi sopo, ndipo thaulo likhale lawolawo. Kudyera mbale imodzi kulibe vuto, musawasale.

Matuza akatulukira pachipumi, pamphuno kapena pafupi ndi diso, musadikire kuti kuche, pakufunika a zamaso chifukwa munthu angathe kuchita khungu. Chimodzimodzi akafalikira thupi lonse, mutu ukamawawa kwambiri kapena akayamba kusokonezeka.

Khungu limapola pakatha milungu 2 mpaka 4, koma kwa achikulire ululu umatha kutsalira miyezi, moti ngakhale malaya akangokhudza amalira. Panado yekha samaletsa ululu wa mitsempha, ndiye abwerere akanene, pali mankhwala ena monga amitriptyline. Katemera alipo, dzina lake Shingrix, amabaya kawiri, ndipo ku America amaperekedwa kuyambira zaka 50, koma sali m'gulu la akatemera amene timalandira ulere m'zipatala za boma kuno.