Matumba a mchenga saletsa chigwembe

Achimwene, musawononge ndalama pa matumba a mchenga amene akukuuzaniwo. Chigwembe chimene chikudya munda wanucho chikukula ndi madzi ochokera kumtunda, ndipo matumba amapsa ndi dzuwa n'kung'ambika chaka chisanathe.

Aliyense wolima m'munsi mwa phiri, kaya ku Domasi, ku Malosa kapena m'mbali mwa Likangala, akukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, nthaka imakhuta, madzi amaleka kulowa pansi. Amatsika ofiira, atanyamula miyala ndi zitsa. Akafika pamutu pa chigwembe amagwa ngati mathithi n'kumakumba kunsi kwa khoma. Pamwamba chimanga chili chilili, chobiriwira bwino, koma pansi patsala mphako. Usiku mumangomva kugumuka, kukacha mizere inayi yapita ndi feteleza yemwe, mizu ya chimanga ili lendelende m'mphepete. Matumba aja madzi amangowalambalala, chigwembe chimodzi n'kukhala ziwiri. Dothi lonselo limakathera ku Chilwa, nyanja yosaya yopanda potulukira, imene inaphwa mu 1995, mu 2018 n'kuphwanso mbali yaikulu.

Chowawa n'chakuti olakwa amagona tulo. Ootcha makala ameta mapiri mpaka mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Ena amayatsa tchire chifukwa cha mbewa basi. Nanga mwini munda wa kumtunda amene amaunga mizere yoloza kutsetsereko n'kutsegulira madzi onse kwa mnzake? Mukakadandaula akuti ndi mvula ya Mulungu. Mulungu ndiye anagwira khasu?

Ntchito iyambire kumtunda kwa munda, chigwembecho chibwere pambuyo. Pezani chingwe cha levulo cha mamita 5 choyezera malo okwera mofanana m'munda, alangizi a zaulimi amakhala nacho, mukhome zikhomo, muunge akalozera (mizere yotsata zikhomozo, yopingasa kutsetsereko), mizere yonse itsate akalozerawo. M'makwawa tsekani mabokosi (timizere ta dothi todula khwawa) pa mamita awiri aliwonse kuti madzi aime n'kulowa pansi. Pa akalozera bzalani udzu wa vetiva mvula ikakhazikika mu Disembala: timaphata titatu pa phando, masamba odula kutsala masentimita 20, mizu masentimita 10, mapando atalikirane masentimita 10 mpaka 15. Ambiri amalakwa potalikitsa kuti udzu ukwane. Mpata umodzi wokha madzi onse amadzera pomwepo. Mbuzi zisafikepo chaka choyamba.

M'chigwembemo mangani tizipupa ta miyala tosapitirira theka la mita, pakati potsika kuposa m'mbali, nsonga zake zilowe m'khoma uku ndi uku. Kunsi kwa kachipupa kalikonse yalani miyala pogwera madzi, apo ayi kadzakumbidwa n'kugwa. Dothi likayamba kukhazikika bzalanimo nsenjere ndi nsungwi. Bulugamu ayi, amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu.

Koma ndisakunamizeni, ngati wa kumtundayo sasintha mizere yake, mvula imodzi yamphamvu ikhoza kukokolola zonsezi. Musakangane naye. Pitani kwa amfumu mutatenga alangizi, mumupatseko vetiva wanu womwe.

Ndipo ngati matumbawo mwagula kale, musawataye. Dzazanimo dothi m'malo mwa mchenga, muwasanje ngati masitepe pamutu pa chigwembe, muboole pamwamba n'kubzalamo vetiva kuti pofika nthawi yong'ambika mizu ikhale itagwira.