Zilombo zodya makanda: awasiyire ana masewera amenewa?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mlamu wawo anawapatsa makhadi otchedwa Bears vs Babies, a m'bokosi laubweya ngati mphaka, ndipo atawerenga malamulo anagwira pakamwa, poti wopambana ndi amene zilombo zake zadya makanda ambiri. Akufunsa ngati angawasiyire ana awo awiri, wa zaka 11 ndi wa 13. Kumapeto awonjezera kadandaulo: ayesapo katatu ndi bambo a kunyumba, ndipo katatu konse chilombo chawo chafa chisanadye kalikonse.

Mayi, tiyambe ndi makandawo. Si ana ofewa masaya aja mukuwaganizira. Pa makhadi ajambulidwa ngati gulu lankhondo, ena amaoneka ngati angakutafuneni chala mutayandikira. Anawajambula ndi Matthew Inman, mwini wa tsamba la nthabwala la The Oatmeal ku America, yemwe pamodzi ndi Elan Lee anapanga Exploding Kittens, masewera omwe mu 2015 anasonkhanitsa ndalama zoposa madola 8 miliyoni pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amasonkha ndalama zoyambitsira zinthu zatsopano. Bears vs Babies anabwera pambuyo pake, n'kufika m'manja mwa anthu mu 2017. Nthabwala za anthu awiriwa n'zoti umaseka kenako n'kudzifunsa kuti ndasekeranji. Kwa ine, mwana wa zaka 11 amadziwa kale kuti chimbalangondo chovala chipewa chokhala ndi miyendo ya nkhanu si nkhani yeniyeni. Chokhacho, yang'anani bokosi lanu bwino, chifukwa pali makhadi ena owonjezera olembedwa NSFW, opangira akuluakulu okha. Amenewo abiseni.

Tsopano za kuluza kwanu, zomwe ndikuona kuti ndiye zikukuwawani kwenikweni.

Chilombo chimayamba ndi mutu, kenako mumalumikiza thunthu, manja, miyendo, bola ulusi wojambulidwa m'mphepete mwa makhadi ukumane. Chiwalo chilichonse chimawonjezera mphamvu. Zilombo zili m'magulu atatu: za kumtunda, za m'madzi ndi za mlengalenga, ndipo makanda nawonso ali ndi magulu atatu omwewo. Mukatola khanda, mumalivundikira pa mulu wa gulu lake, enawo osaona nambala yosonyeza mphamvu zake. Nkhondo imabuka wina akasankha kuputa mulu umodzi. Apa ndi pomwe mukugwera, Mayi. Makanda akaputidwa salimbana ndi wowaputa yekha, amagwera aliyense amene ali ndi chilombo cha gulu limenelo. Ndipo nkhondo ikatha, zilombo zonse zomwe zamenya nawo zimatayidwa, chopambana ndi cholephera chomwe.

Ndiye inu mumakhala mukukongoletsa chinyama chanu cha m'madzi, kuchisokera dzanja, kuchiveka chipewa kuti mphamvu ziwirikize, kudikira kuti chikhwime. Bambo akungokuyang'anani. Iwo alibe chilichonse cha m'madzi, choncho alibe chotaya. Akaona kuti mulu wa makanda a m'madzi wakula kuposa mphamvu zanu, amangouputa, chinyama chanu n'kupita kudzala. Ine zinandichitikira ndi mphwanga: ndinamanga chilombo cha ziwalo zisanu, chokongola ndithu, iye n'kuchiphetsa akuyasamula, khadi lililonse osaponya.

Musamakondane ndi chilombo chanu. Chikangotha kugonjetsa mulu womwe ulipo, putani nokha, idyani, yambaninso. Makanda atatu ali m'mimba amawerengedwa pomaliza, chilombo chachikulu chosadya sichiwerengedwa. Muziwerenganso m'mutu manambala a makanda omwe mwavundikira nokha, chifukwa ndi chinsinsi chokhacho chomwe muli nacho. Mitu ya zimbalangondo ndi yamphamvu, koma imalowa nkhondo ya gulu lililonse, kotero musaiponye msanga. Ndipo mukakhala ndi khadi la nyimbo yogonetsa ana, lomwe limachepetsa mulu wa makanda, lisungeni mpaka mutaona bambo ayamba kumwetulira.

Chinanso, muli awiri okha masewerawa amasanduka kubwezerana. Amakoma pa anthu anayi kapena asanu, pomwe aliyense amachita zinthu ziwiri zokha pa ulendo wake ndipo palibe amene angadziwe kuti tsoka lichokera kuti. Amatha m'mphindi pafupifupi 20. Aitaneni ana aja akhale nawo patebulo, ndipo wa zaka 13 uja mumukhazike moyang'anizana ndi bambo ake.