Kodi kutentha kungadwalitsedi munthu?

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti kusintha kwa nyengo kumadwalitsa anthu, popeza mayi anu odwala BP amafooka kwambiri kunja kukatentha, koma kuchipatala sanauzidwepo kuti vuto ndi dzuwa. N'zoona ndithu, ndipo zimene mukuona kwa mayiwo ndiye pagona nkhani yonseyi.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Kukatentha limadziziziritsa potulutsa thukuta, komanso pokankhira magazi ambiri kufupi ndi khungu. Ntchito yonseyo imagwera mtima. Umagunda mothamanga, kwinaku madzi m'thupi akuchepa. Wachinyamata amapirira. Koma munthu wachikulire samva ludzu msanga, ndipo ngati akumwa mankhwala a BP aja okodzetsa pafupipafupi, madzi amamuthera iye osadziwa. Impso zimayamba kuvutika. Usiku ukakhalanso wotentha, mtima supeza mpata wopuma, ndiye mawa lake mumawapeza atangokhala duu, milomo itauma, chakudya osachifuna. Munthu wotere akatisiya, pachikalata amalemba kuti ndi mtima kapena sitiroko. Dzuwa silitchulidwa n'komwe. Izi zimandipweteka, chifukwa imfa zambiri zoterezi n'zopeweka, koma anthu sangapewe chinthu chimene sanauzidwe kuti chimapha.

Mu 2003 ku Ulaya kunatentha modetsa nkhawa, ndipo anthu opitirira 70,000 anamwalira. Ku France kokha anali pafupifupi 15,000, ambiri mwa iwo okalamba okhala okha m'nyumba. Chiwerengerocho chinadziwika pambuyo pake, akatswiri atayerekeza imfa za miyezi imeneyo ndi za zaka zina. Mu 2024, chaka chimene chinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo chiyambireni kulemba za nyengo, anthu opitirira 1,300 anamwalira pa ulendo wachipembedzo wa Asilamu wa Hajj ku Mecca, kutentha kutadutsa madigiri 50. Ku Nicaragua ndi El Salvador, abambo amphamvu zawo odula nzimbe padzuwa akhala akudwala impso alibe shuga, alibe BP, ndipo ofufuza ambiri akuloza chala kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi tsiku ndi tsiku.

Anthu ena amanena kuti matendawa analipo kale. Sakunama. Kusintha kwa nyengo sikubweretsa matenda achilendo kwenikweni, kumangowonjezera mphamvu akale omwewo. Udzudzu umaswana msanga pofunda, ndipo ukufika m'madera okwera amene kale kunkazizira. Ku Pakistan, madzi osefukira a mu 2022 anakhudza anthu 33 miliyoni, ndipo odwala malungo anakwera kuchoka pa 500,000 chaka cham'mbuyo kufika pa 2.6 miliyoni. Madzi akasefukira amasakaniza zimbudzi ndi zitsime, kolera n'kubuka. Chilala chikagwa, ana amanyentchera, ndipo mwana wonyentchera akatsegula m'mimba safuna masiku ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti pakati pa 2030 ndi 2050 kusintha kwa nyengo kudzawonjezera imfa pafupifupi 250,000 chaka chilichonse, kungowerengera kunyentchera, malungo, kutsegula m'mimba ndi kutentha basi.

Tsopano za mayi. Chonde asasiye mankhwala paokha. Mukapita nawo kusikelo ya BP, muwauze adokotala momveka kuti kukatentha amachita chizungulire kapena kufooka, ndipo mufunse kuchuluka kwa madzi oyenera kumwa, chifukwa ena odwala mtima kapena impso amaikiridwa malire. Kunyumba musadikire kuti apemphe madzi, muziwapatsa pang'onopang'ono tsiku lonse. Muziyang'ana mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa. Masana akhale pamthunzi podutsa mphepo, ntchito azigwira m'mamawa.

Koma mukaona kuti ayamba kusokonezeka, kulankhula zosamveka, kudzandira, kapena thupi latentha ngati moto, imeneyo si nthawi yodikira kuti muone mmene akhalire madzulo. Agonekeni pamthunzi, masulani zovala, athireni madzi ozizira, ikani nsalu zonyowa m'khosi ndi m'khwapa, muziwakupiza. Ngati sakutsitsimuka bwino musawamwetse kanthu, angatsamwe. Wina athamangire kukapeza galimoto pamene inu mukupitiriza kuwaziziritsa, ndipo musaleke mpaka mutafika kuchipatala.