Kusankha buku la zithunzi la nyenyezi ya ku Betelehemu

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo yofunsa za mabuku a zithunzi a Khirisimasi. Akuti mwana wawo wa zaka zinayi anapatsidwa buku lachingerezi momwe nyenyezi ili ndi nkhope, imalankhula, ndipo ndi imene ikutamandidwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Akufuna kudziwa ngati buku lotere ndi loyenera, komanso zoti ayang'ane pogula lina.

Mayi, bukulo musalitaye, koma lisakhale lokhalo limene mwana wanu akuphunziramo nkhaniyi. Nyenyezi yolankhula siindidetsa nkhawa kwenikweni, pakuti ana athu amamva nthano za kalulu wolankhula ndipo sasokonezeka. Chimene chimandikhudza ndi chakuti mwana akatseka buku, maso ake atsala pa ndani. M'Baibulo nyenyeziyo inali ndi ntchito imodzi yokha, yofikitsa alendo kwa Yesu, ndipo itatero sitchulidwanso.

Musanagule buku lina, werengani kaye Mateyu 2:1-12, kaya m'Buku Lopatulika kapena m'Buku Loyera, chifukwa mwa alembi anayi a Uthenga Wabwino ndi Mateyu yekha amene ananena za nyenyeziyi. Mudzaona kuti anzeru a kum'mawa anayamba afika ku Yerusalemu, kumene anafunsa za mfumu ya Ayuda yobadwayo, ndipo ansembe aakulu ndi alembi ndiwo anatchula Betelehemu potsatira mawu a mneneri Mika. Anzeruwo atachoka kwa mfumu Herode m'pamene nyenyezi ija inawatsogolera mpaka kukaima pamwamba pa malo pamene panali kamwanako. Mabuku ambiri amadumpha gawo limeneli, koma ine ndimalikonda kwambiri, chifukwa limasonyeza mwana kuti ngakhale anthu ophunzira anafunika kufunsa njira ndi kumva Malemba.

Mateyu sananene kuti alendowo anali mafumu kapena kuti anali atatu. Chiwerengerocho chinachokera ku mphatso zitatu, golide, lubani ndi mure, ndipo mayina akuti Caspar, Melchior ndi Balthasar anadza pambuyo pake m'mwambo wa mpingo. Mateyu akuti alendowo analowa m'nyumba, osati m'khola. Abusa ndi chodyera cha ziweto zili mu Luka 2, ndipo abusawo anauzidwa ndi mngelo, osati nyenyezi. Wojambula akawasonkhanitsa onse pa tsamba limodzi, monga timachitiranso pa sewero la ana a Sande sukulu, palibe choipa, malinga inu mukudziwa kusiyana kwake kuti mudzayankhe bwino mwana akadzafunsa.

Pa zithunzi ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa mwana wa zaka zinayi amawerenga zithunzi asanawerenge zilembo. Mabuku ambiri amene timawapeza kuno analembedwera ana a ku Ulaya ndi ku America, ndiye mumaona chipale chofewa pa madenga ndi mitengo ya paini yokongoletsedwa, pamene Khirisimasi ya mwana wa ku Zomba imafika chimanga chikukula m'munda, mvula ikugwa, phiri litaphimbidwa ndi mitambo. Sankhani buku lojambula Yosefe, Maria ndi mwana ngati banja losauka lachiyuda, la zithunzi zazikulu zosadzaza zinthu, mawu ochepa pa tsamba, ndiponso mapepala olimba oti manja aang'ono sangang'ambe msanga. Likakhala lachingerezi, musavutike kumasulira liwu ndi liwu. Lozani chithunzi, simbani m'Chichewa, ndipo mufunseni mwanayo kuti akuona kuti alendowo atopa kapena akondwa.

Za Herode kupha ana aamuna a zaka ziwiri kutsika m'munsi, ndingakonde kuti muzisunge mpaka mwanayo atakulapo. Pakali pano ndi zokwanira kumuuza kuti mfumuyo inali ndi mtima woipa, ndi kuti Mulungu anachenjeza anzeruwo m'maloto kuti abwerere kwawo podzera njira ina.

Bukulo lisabwerere m'sutikesi pa 26 Disembala. Mipingo yambiri imakumbukira kufika kwa anzeruwo pa 6 Januwale kapena Lamulungu loyandikana nalo, choncho muli ndi masiku ena ambiri owerengera limodzi nkhani ya ulendowo, tsamba limodzi kapena awiri madzulo alionse mwana asanagone.