Mlangizi kapena phungu, alembe chani?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena omwe kutchalitchi kwawo awasankha kuti azilangiza atsikana okonzekera ukwati, ndiye pa pulogalamu ena akufuna kulemba "mlangizi" ena akuti ayi alembe "phungu". Akufunsa kuti kodi mawu awiriwa ndi amodzi, nanga iwowo azitchedwa chani?

Mayi, auzeni alembe mlangizi basi. Koma poti mwafunsa tiyeni tichezepo pang'ono.

Mlangizi akuchokera ku kulangiza, ndipo kulangiza ndi m'bale wake wa kulanga, mawu omwe ana a masiku ano amangowadziwa ngati kupereka chilango, pomwe akuluakulu akati "mwana uyu ngosalangidwa" sakunena za chikwapu ayi, akunena kuti sanauzidwe mwambo. Mipingo ngati CCAP itakana chinamwali cha kumudzi inabweretsa chilangizo, ndipo amayi ogwira ntchitoyi anatchedwa alangizi, pomwe kumudzi mwini ntchito ndi namkungwi. Ndiye inu mpando wanu dzina unali nalo kale.

Chabwino chake mawuwa ndi otakata. Uja amabwera pa njinga ya moto kudzatiuza kuti chimanga tibzale imodziimodzi pa phando ndi mlangizi wa zaulimi, uja wa sikelo ya ana ndi katemera ndi mlangizi wa zaumoyo, ngakhale Pulezidenti ali ndi alangizi ake. Mungoonjezera "wa zakuti" mwathana nazo.

Phungu ndiye nkhani yake ndi yosangalatsa. Kale phungu anali munthu woyimira namwali, womuperekeza ku tsimba, kumukumbutsa zomwe anamkungwi anena, akalakwitsa iyeyo ndi amene amamuyankhulira. Ndiye mukuona chifukwa chake woyimira dera ku Nyumba ya Malamulo anamutcha phungu, amayenera kutiyankhulira ife (zoti amatiyankhuliradi kapena ayi imeneyo ndi ya tsiku lina). Vuto ndi loti tanthauzo la ndale lameza linalo. Pano aphungu alipo 229 kuyambira chisankho cha 2025, pa wailesi ndi aphungu m'mawa aphungu madzulo, moti mukalemba "phungu" pa pulogalamu ya ukwati anthu azicheukacheuka kufuna kuona olemekezeka akhala pati, ena ayamba kale kukonza zopempha mjigo.

Chodabwitsa nchoti uphungu unapulumuka. Mukapita kukayezetsa magazi amati mulandire kaye uphungu, ndipo palibe amaganiza za ndale. Ine ndimaona ngati malangizo ndi oti wamkulu akuuza wamng'ono chita chakuti, pomwe uphungu mumakhala pansi awiri, winayo nkumvetsera kaye mavuto ako. Mwina ndi khutu langa chabe koma ndimamva choncho.

Chomwe ndikupempheni, asakulembeni nkhoswe. Ndaonapo anthu akusakaniza. Nkhoswe amalangiza inde, koma ndi wachibale woyimira banja la mwamuna kapena la mkazi, ukwati ukagwedezeka usiku ndi iyeyo amagogoderedwa chitseko, ndipo mlandu ukafika kwa amfumu kapena kukhoti amafunsa kuti ankhoswe ali kuti. Inu mukawalangiza atsikanawo mubwerera kwanu kukagona tulo tabwino, ankhoswe ndiye amazimitsa moto mpaka kalekale.